Bondo la Temwa

Lolemba, 27 Meyi

Mwera wayamba. Mwamuna wanga Jobe sanalowe m'nyanja, tsiku lonse pa bawo. Ndiwo usipa wouma wa dzana.

Nkhani yatha: wopita ndi Temwa ku Lilongwe ndi ine. Gadiyani. Ama, apongozi anga, akuti popeza ndine Mchewa ndikamva bwino zonena madokotala. Zaka zonsezi Chichewa changa chinali choseketsa pakhomo pano pa Kande, lero chasanduka mankhwala.

Temwa. Mkazi wa Limbani, mng'ono wa mwamuna wanga. Mtengwa ngati ine ndemwe, kungoti iye kwawo n'kutsidya kwa msewu, ine kwathu ku Dowa. Iye mwamuna ali ku Joni, ine wanga ali pa bawo. Iye ntchito ku loji, kuperekera azungu chakudya atavala yunifolomu, ine khasu.

Bondo anapweteka ku netibolo. Mayi wapabanja, kasiketi kolekeza m'ntchafu, kudumphadumpha pabwalo la ku Chintheche anyamata a kabaza akuonerera. Anatera moipa. Fupa akuti lili bwino, koma bondo likungopinda lokha akaponda. Limbani watumiza ndalama zokajambulitsa mkati ndi makina aakulu. Ine dzino linandiwawa chaka chatha chonse, anandigulira panado.

Nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu. Chinangwa changa chili m'madzi, adzavuula ndani?

Loweruka, 22 Juni

Tabwerako dzulo. Msana wanga! Masabata onsewa kugona pasimenti pansi pa bedi lake, kuphika kukhitchini ya magadiyani, utsi, kukanganirana mafuwa ndi azimayi a ku Mchinji. Chinangwa chija chinaolera m'madzi momwemo. Palibe anachikumbuka.

Ndilembe za makina aja ndisanaiwale. Anamuvula ndolo, mkanda, ngakhale timapini ta m'tsitsi, akuti makinawo amakoka chitsulo. Kumugoneka pakabedi, kabediko n'kulowa m'chimgolo choyera. Phokoso ngati chigayo cha dizilo. Ine panja pabenchi, ndolo zake m'manja mwanga. Ndinakaziyesa kubafa. Zimandikhala kuposa mwini wake.

M'mawa mwake adokotala anationetsa pakompyuta. Bondo lodulidwadulidwa ngati buledi, zonse zotuwa. Analoza ndi cholembera. Apa mtsempha wogwira bondo waduka. Apa chicherewecherewe, koyera kaja timatafuna kumapeto kwa fupa la nkhuku, chang'ambika. Akuti ndi kamene kamaletsa mafupa kukhulana. Ndinaona ndithu kamzere koyera pamene panang'ambikapo. Ndinamuchitira chisoni tsiku limenelo, pang'ono.

Opareshoni ya timabowo tokha. Anatenga mtsempha kuseri kwa ntchafu n'kuika m'malo mwa wodukawo, chicherewecherewe anasoka ndi ulusi.

Tsiku lotuluka adokotala anayang'ana ine, osati wodwala. "Inu gadiyani, mvetsetsani. Mpaka Khirisimasi asagwade, asanjute. Akagwada ulusi uduka, ndipo kachiwiri sitisoka, timangodula n'kutaya." Chichewa chomveka bwino, cha kwathu. Anandiuza kuti ndibwereze ngati mwana wa sitandade wanu. Ndinabwereza, Temwa akuseka.

Kuno ama atandifunsa ndinangoti akuti apume. Zina zonse wafotokoza yekha mwini bondo. Si ine wailesi.

Lachitatu, 3 Julayi

Chimbudzi chathu n'chonjuta. Ndiye Jobe, munthu amene sanandikonzereko ngakhale mpini wa khasu, watenga mpando wabwinobwino wa pabalaza, wauboola pakati. Mpando wa mfumukazi. Wounyamula kupita nawo kuchimbudzi, ine. Woutsuka, ine.

M'mawa mjigo maulendo anga, kenako maulendo ake. Kusesa kwanga, kusesa kwake. Kumunda ndekha. Iye pamkeka pakhonde, mwendo pa pilo, kuukweza, kuutsitsa, kuukweza, kuutsitsa. Akuti mafizo. Kwathu timati ulesi.

Anzake a ku loji amabwera ndi ayisi m'kabokosi. Ayisi wa bondo. Ine madzi ozizira ndinamwa liti?

Lamlungu, 14 Julayi

Kutchalitchi anamuikira mpando kutsogolo, pafupi ndi akulu a mpingo. Azimayi a Umanyano, Mvano wa kuno, kumuzungulira, mwe uli, mwe uli, pepani, pepani. Ine amene ndinagona pasimenti, moni wa chala.

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Ine nditangobwera pakhomo pano ndinagwada. Kwa ama, kwa malemu ada apongozi anga aamuna, kwa amalume, ngakhale kwa tianyamata timene lero tili ndi ndevu. Ndili ndi pakati pa Patience, mwezi womaliza, ndinagwada pamiyala ndi beseni m'manja, ndipo wina anati Achewa sadziwa kugwada, amangonjuta ngati achule. Anaseka onse. Maondo anga ndi akuda, olimba ngati a mbuzi. Palibe anawajambulapo.

Dzina lomwe anandisintha. Kwathu ndine Naphiri, kuno NyaPhiri.

Iye madzulo anapereka tiyi kwa ama ataimirira, ama n'kuthokoza, yewu mwana wangu.

Lachisanu, 26 Julayi

Katundu wa ku Joni wafika. Temwa wandiitana kuchipinda, wandipatsa nsapato ndi bulangete, akuti Limbani akuthokoza chifukwa cha ku Lilongwe. Anawonjeza kuti pakanapanda ine sakanatha, ndine mkulu wake weniweni. Misozi m'maso. Ndinalandira ndi manja awiri.

Nsapatozo n'zazikulu. Anagula poyesa phazi la mkazi wake.

Sindikudziwa chifukwa chake, koma akamandikomera mtima ndi pamene ndimamuda kwambiri.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Temwa wasiya ndodo imodzi mwa ziwiri zoyendera. M'nyumba akuyenda wopanda ndodo, ndamuona pazenera. Ku Nkhata Bay a mafizo akuti zikuyenda bwino kwambiri. Bwana wa ku loji wamuuza kuti malo ake amusungira mpaka Disembala, alendo akamachuluka, bola azidzatha masitepe ndi mchenga atanyamula thireyi. Wabwera akuimba.

Ndiye Disembala iye abwerera ku yunifolomu, wachira, wanenepa, wayera. Ine ndatsala mafupa.

Pamjigo mnzanga Violet anafunsa za odwala. Ndinangoti, odwala ake ati, amene amavina m'chipinda aja? Basi. Sindinawonjezere. Violet pakamwa pake mpoposa basi ya Mzuzu, pofika madzulo nkhani inali itafika ku Mpamba.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Chiliza cha malemu ada chatha kumangidwa. Kuvundukula pa 14 Seputembala. Simenti ya Limbani, matailosi a Limbani, mbuzi za Limbani. Jobe wapereka mawu.

Kusinja kondowole wa anthu onsewo, ine ndi ana a eni ake opemphedwa. Manja matuza. Mfumukazi ikusankha mpunga wa ku Limphasa itakhala pampando, lichero pamiyendo.

Akubwera ankhazi a Gertrude a ku Usisya, mlongo wawo wa malemu. Ama akangomva dzinalo amayamba kusesa posesa kale. Pakhomo pano mawu a ankhazi ndi omaliza, ukwati ukamangidwa ndi iwo, ukamatha ndi iwo. Ndi amene ananena za achule zija.

Ndikudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachisanu, 13 Seputembala

Afika masana. Boti mpaka Nkhata Bay, kenako minibasi. Akalamba koma diso likadali lomwe lija. Anakhala pakhonde, tonse kubwera mmodzimmodzi. Ine ndinagwadira patali, kuyenda ndi maondo mpaka pamapazi awo. Anagwedeza mutu.

Temwa anabwera ndi ndodo yake, anawerama pang'ono, n'kupereka dzanja ataimirira. Ankhazi dzanjalo anangoliyang'ana. Anafunsa ama ngati pakhomo pa mlongo wawo pabwera mzungu.

Ama kuyamba kufotokoza. Opareshoni, Lilongwe, madokotala. Ankhazi anati zamveka kale ku Usisya kuti wodwalayo amavina m'chipinda. Temwa anatulutsa foni, kuonetsa chithunzi cha bondo chija, kuloza kamzere koyera. Ankhazi anaiyang'ana foniyo chapatali, akuti akuona mitambo. Kabuku ka kuchipatala anakana n'kukagwira komwe, akuti mapepala masiku ano amagulidwa. Anafunsa ama ngati anamva ndi makutu awo dokotala akuletsa kugwada. Ama anati ayi, anauzidwa ndi Temwa.

Ndiye anatembenukira kwa ine.

"NyaPhiri, unapita ndiwe. Dokotala ananena zimenezi?"

Zaka zonsezi palibe anandifunsapo kanthu pamaso pa anthu. Ndinayang'ana pansi, mwaulemu.

"Ine, ankhazi, madokotala aja amalankhula Chizungu. Zogwadazo sindinamve."

Ndisaname, ndinamva kukoma. Mpaka m'mimba.

Temwa sanatsutse. Angatsutse bwanji mkulu wake pamaso pa ankhazi, kunditchula wabodza? Anangondiyang'ana nthawi yaitali, kukamwa kuli yasa.

Ankhazi agamula. Mawa akamwana onse awiri asambitsa m'manja akuluakulu monga mwa mwambo. Amene bondo lake n'lodula kuposa manda a apongozi ake atenge katundu abwerere kwa amake, malowolo tikambirana.

Madzulo ndinamva Limbani pafoni, khoma lathu n'lopyapyala. Akuti kamodzi kokha, mphindi zochepa, usandichititse manyazi ndawononga ndalama zambiri. Akutinso mwina adokotala anangokuopseza, nanga alamu bwanji sanamve? Iye kulira.

Ndadya bwino. Ankhazi anandipatsa chiwindi cha mbuzi ndi dzanja lawo.

Loweruka, 14 Seputembala

Kumanda zinayenda bwino. Nyimbo, abusa, nsalu yoyera kuchotsedwa. Matailosi akuwala. Aliyense Limbani, Limbani.

Pobwera, akuluakulu anakhala pamipando pansi pa mango, mzere wautali, abusa kumayambiriro. Pansi pouma gwa, mizu ya mango ili pamtunda. Ine beseni, Temwa jagi. Ndodo anaisiya kukhitchini. Chomangira bondo cha kuchipatala anavula yekha, sichipinda.

Ndinagwada. Iye anayamba ndi bondo labwino, kenako linalo, pang'onopang'ono, atagwira phewa langa. Zala zake zinandilowa m'thupi. Anafika pansi. Ndinaona ama akupumira m'mwamba.

Koma kugwada kwa kuno si kugwada n'kudzuka. Ukatha munthu mmodzi umayenda ndi maondo kupita kwa wotsatira, sudzuka mpaka mzere utatha. Ndipo pothira madzi umakhalira zidendene kuti mutu usapitirire wa munthu wamkulu. Abusa anasamba. Amalume anasamba. Thukuta lili chuchuchu pankhope pake, jagi ikugwedera. Ndikanatha kufulumira. Sindinafulumire. Ndinkadikira aliyense asambe bwinobwino, sopo, kutsukuluza.

Chapakati pa mzere, pokhalira zidendene, ndinamva. Kaphokoso kakang'ono, ngati kuthyola therere. Ndinamva ine ndekha chifukwa ndinali pafupi. Anatseka maso. Madzi anatayikira pansapato za mkulu wa mpingo, iye n'kupepesa.

Sanalire. Anamaliza mzere wonse akukoka mwendowo. Pamapeto ine ndinadzuka, iye ayi.

Ankhazi anati, "Mwaona? Wagwada bwinobwino. Matenda ake anali mwano."

Anthu anaseka, mbale zinayamba kufika. Anamunyamula azimayi awiri a Umanyano kudzera kuseri kuti alendo asaone. Nyama inakwana. Aliyense akuti kondowole wanga anali wosalala.

Lolemba, 16 Seputembala

Ankhazi apita. Anandisiyira chitenje, akuti ndine mkamwana weniweni. Chitenje chakale, chonunkha nsomba.

Bondo latupa ngati dzungu. Silikuwongoka, silikupinda, langokhala pakati. Akayesa kuponda amakuwa. Ama akumuthowa ndi madzi otentha, sakundiyang'ana.

Ine ndinkafuna agwade basi. Amve mmene miyala imawawira. Kodi ndinamugwetsa ine? Anamuuza kuti agwade ndi ankhazi. Anamukakamiza ndi mwamuna wake. Ine ndinangoti sindinamve.

Lachitatu, 25 Seputembala

Ndodo zonse ziwiri zabwerera. Mjigo kawiri, kusesa kawiri, kuchapa kawiri. Walira mvula walira matope.

Sakundilankhula, koma sakundinenanso kwa munthu. Ndikamupatsa madzi amati yewu. Ndikanakonda akananditukwana.

Jobe wafunsa, kodi iwe zoona sunamve? Ndamuuza kuti akafunse bawo.

Lachisanu, 4 Okutobala

A mafizo ku Nkhata Bay akana kumugwira, akuti abwerere ku Lilongwe akajambulenso. Limbani akukalipa pafoni, akuti ndalama sizimera m'mitengo, wagulitsa TV yake. Za ankhazi sakutchula.

Ku loji alemba mtsikana wina, Hilda wa ku Sanga. Bwana anatumiza uthenga, akuti pepani sitingadikire. Yunifolomu anabwera kudzatenga anzake omwe aja a ayisi. Anakhala pang'ono, nkhani zinasowa, anapita.

Ndimayesa ndisangalala. Palibe. Mutu ukungondiwawa.

Lamlungu, 6 Okutobala

Msonkhano wa pabanja titachoka kutchalitchi. Gadiyani apite ndani? Ama anati ulendo uno apite mng'ono wake wa Temwa, NyaPhiri watopa. Mtima wanga unakhala pansi.

Temwa anakana. Akuti akufuna amake Patience omwewo, ndi amene akudziwa njira, ndi amene akudziwa khitchini ya magadiyani. Ananena mofatsa, akuyang'ana ine. Onse anamuyamikira kuti alibe mangawa.

Ndinayesa kunena za kumunda. Jobe anati munda suthawa.

Lachitatu, 9 Okutobala

Lilongwe. Ulendo wonse, Dwangwa, Nkhotakota, Salima, mwendo wake uli pamiyendo panga chifukwa supinda. Kulemera. Pa Nkhotakota anandigulira chipisi.

Lero chimgolo chija. Phokoso lomwe lija. Ine pabenchi lomwe lija. Kutentha.

Lachinayi, 10 Okutobala

Adokotala omwe aja. Ndinapemphera kuti akhale ena.

Anaika zithunzi ziwiri pamodzi, cha Juni ndi cha dzulo. Ngakhale ine wosaphunzira ndinaona. Pamene panali kamzere pali chibowo, ndipo chidutswa chapindikira pakati pa mafupa. N'chimene chikuletsa bondo kuwongoka. Mtsempha watsopano uja nawonso watamuka. Anafunsa ngati anagwa. Temwa anati ayi, ndinagwada. Anafunsa kuti chifukwa chiyani. Anati mwambo.

Anavula magalasi n'kuyang'ana ine.

"Mayi, si inu munabwereza mawu anga m'chipinda muno?"

Anandiyankhira ndi Temwa. Akuti musawakalipire mayiwa, adokotala, sanamve.

Mawa adula chidutswacho n'kutaya. Chosoka palibe. Akuti ayenda, koma masitepe, mchenga, kusenza katundu, netibolo, aiwale. Pakapita zaka mafupa ayamba kukhulana, bondo lidzakalamba mwini wake asanakalambe. Adokotala anati ngati kumudzi kuli anthu ovuta, iwo atha kulankhula ndi mwamuna wake pafoni, amuuze zonse, ndi zimene anauza gadiyani zomwe. Limbani akamva, Jobe amva, ama amva. Basi ya ku Dowa.

Temwa anati ayi, zikomo, palibe chifukwa.

Lachisanu, 11 Okutobala

Watuluka ku opareshoni masana. Wasanza kawiri, ndapukuta. Chakumadzulo anatsitsimuka, anamwa phala. Ndinali kumupukuta mapazi, ndinaganiza kuti mwina ndinene kanthu. Ndinayamba, ndinati Temwa, zija za tsiku lija.

Anandidula. Mawu otsika, kuti a bedi linalo asamve.

"Amake Patience, musavutike. Sindiuza Limbani, sindiuza munthu. Ndikanena akuthamangitsani, mupita kwanu mukapume. Ayi. Mukhala. Madzi anga muzitunga inu, chinangwa changa muzisinja inu, ana ndikabereka muzibereka kumbuyo inu, mpaka mmodzi wa ife adzaikidwe m'manda."

Ananena akumwetulira. Nesi podutsa anati koma ndiye mumakondana, ngati a mimba imodzi.

Ndatuluka panja kuti ndilembe. Mwanayu n'ngwamng'ono kwa ine ndi zaka khumi, ndipo kwawo amafa atakalamba kwambiri. Agogo ake mpaka lero akadali...

Akuitana. Akuti madzi a m'beseni azizira.